Mafunso Anu: Tchalitchi cha ku Kilpeck, chomangidwa popanda simenti

Mwezi wathawu tinasindikiza chithunzi cha khomo la katchalitchi ka miyala yofiirira, losemedwa njoka, mbalame ndi mtengo wa mpesa pamwamba pa chitseko. Ndi tchalitchi cha St Mary and St David, chomangidwa cha m'ma 1140, m'mudzi wa Kilpeck ku Herefordshire, makilomita pafupifupi 14 kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Hereford ku England, kufupi ndi malire a Wales. Makalata abwera ambiri, ena kuchokera kwa amisiri omanga, ena kwa akulu a mpingo. Tasankhapo asanu ndi imodzi, ndipo ayankhidwa ndi anzathu odziwa zomangamanga ndi mbiri ya mpingo.

Akonzi, ndimagwira ntchito ku Hereford ndipo tchalitchichi ndinakachiona ndi maso. Ndinafunafuna mwala wolembedwa chaka monga timachitira kwathu, koma sindinaupeze. Nanga amadziwa bwanji kuti ndi cha m'ma 1140, ndipo anamangitsa ndani? Mayi wa ku Hereford

Zikomo mayi, munayang'ana bwino. Matchalitchi a m'midzi a nthawi imeneyo ambiri alibe mwala wotero. Zaka zake zimapezeka pophatikiza zolembedwa zakale, kamangidwe ka nyumbayo, ndi kufanana kwa zosema zake ndi ntchito zina za amisiri omwewo.

Tiyambe ndi zolembedwa. Mu 1066 William wa ku Normandy, dera la kumpoto kwa France, analanda England nagawira malo anthu ake, otchedwa a Norman. Kaundula wa malo amene mfumuyo inalamula, wotchedwa Domesday, wa mu 1086, akusonyeza kuti Kilpeck anali m'manja mwa William fitz Norman. Mwana wake Hugh, amene ankayang'anira nkhalango za mfumu m'deralo, ndiye amadziwika kuti anamangitsa tchalitchichi. Anachipereka kwa amonke a Benedikito a ku Gloucester, ndipo iwo anatsegula kanyumba ka amonke chapafupi. Mukadzapitanso mukaime pamanda n'kuyang'ana kumadzulo. Chimulu chachikulu cha dothi chimene mukaone, chokhala ndi zidutswa za khoma pamwamba, ndi pamene panali linga la banja limeneli. Linga ndi tchalitchi anaziika moyandikana dala, kuti wodutsa aliyense adziwe mwini dziko.

Umboni wachiwiri ndi maonekedwe a makomo ndi mawindo, ndipo uwu mutha kuugwiritsa ntchito pa tchalitchi china chilichonse cha ku England. Khomo kapena windo lopindika pamwamba ngati theka la mwezi, makoma onenepa, mawindo aang'ono, ndi mizere yosemedwa ngati mano a sowo, zimenezo ndi za nthawi ya a Norman, kuyambira 1066 kufika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100. Windo lalitali, lowonda, losongoka pamwamba ngati mkondo ndi la m'ma 1200. Likakhala lotakata, miyala ya kumutu kwake italukana ngati nthambi, lili pakati pa 1275 ndi 1350 kapena pafupi pamenepo. Likakhala lalikulu, mizati yake yamiyala ikukwera molunjika mpaka pamwamba, ndi la pambuyo pa 1350 kufika m'ma 1500. Ku Kilpeck pafupifupi zonse ndi za mtundu woyamba, kupatula mawindo ochepa amene anaboola pambuyo pake kuti muziwala. Akatswiri amachiika pakati pa 1130 ndi 1145, n'chifukwa chake mumamva 1140.

Komatu malowo ndi akale kuposa nyumbayo. Derali linali la anthu olankhula chinenero cha ku Wales, m'dziko limene linkatchedwa Ergyng, ndipo David ndi woyera mtima woyang'anira Wales. Zolembedwa zakale za mpingo wa ku Llandaff ku Wales zimatchula tchalitchi pa Kilpeck m'zaka za m'ma 600. Manda ake ndi okwera ndiponso ozungulira ngati dzira, monga amakhalira malo opempherera akale kwambiri a kumeneko. Pangodya ya kumpoto chakum'mawa kwa chipinda chachikulu pali miyala ikuluikulu yoyalidwa mosiyana ndi ina yonse, ndipo akatswiri ena amati ndi yotsala ya tchalitchi chimene chinalipo a Norman asanabwere.

Ndamva kuti mkati mwake muli zipinda zitatu zotsatizana. Tchalitchi cha kamudzi kakang'ono, zipinda zitatu za chiyani? Mphunzitsi wa ku Dedza

Si zipinda zotsekedwa ndi zitseko, aphunzitsi. Ndi zigawo zitatu zondondozana kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, chilichonse chocheperapo ndi chofupikirapo kuposa cha kumbuyo kwake, ndipo zimalekanitsidwa ndi mauta aakulu a miyala, ndiko kuti mipata yolowera yopindika pamwamba ngati uta.

Chigawo choyamba, chachikulu, amachitcha nave, ndipo chinali cha anthu a m'mudzi. Munalibe mabenchi. Anthu ankaimirira kapena kugwada pansi pomwazidwa udzu, ndipo mabenchi anafala patapita zaka mazana. Beseni lalikulu lamwala la ubatizo lili mbali imeneyi, chakukhomo, chifukwa ubatizo ndiwo khomo lolowera mumpingo. Chachiwiri ndi chancel, cha wansembe ndi omuthandiza. Chachitatu ndi apse, chozungulira ngati theka la nkhokwe, ndipo ndimo muli guwa. Uta wolowera mu chancel uli ndi anthu asanu ndi mmodzi osemedwa m'mizati yake, atatu mbali iliyonse, wina pamwamba pa mnzake. Ambiri amati ndi atumwi. Munthu woimirira kumbuyo ankaona guwa patali kudzera m'mauta awiri, kuwala kwa m'mawa kukulowera pa timawindo titatu ta kumapeto, uku Misa ikunenedwa m'Chilatini. Womanga anafuna kuti maso azikokedwera kum'mawa, kotulukira dzuwa, chizindikiro cha kuuka kwa Khristu.

Kugawa kotereku kunafikanso pa nkhani ya ndalama. Pofika m'ma 1200 unakhazikika mwambo wakuti wolandira chakhumi cha parishi ndiye akonze chancel, pamene nave ndi udindo wa akhristu eni ake. Mukaona tchalitchi cha ku England chimene mbali imodzi ndi yokongoletsedwa kwambiri, ina yosiyidwa mwakale, kawirikawiri chifukwa chake n'chimenechi: matumba anali awiri.

Khomo lalikulu lili kumwera chifukwa ku England dzuwa limayenda chakumwera chaka chonse. Mbali imeneyo ndiyo yofunda ndi yowala, ndipo anthu ankakondanso kuikidwa m'manda a mbali yomweyo. Amene munafikako ku St Michael and All Angels ku Blantyre, chomangidwa ndi njerwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, chigawo chozungulira cha kuguwa chija ndi apse yomweyi.

Ine ndine mmisiri womanga. Khomo lopanda lintala ya konkire ndi zitsulo sindingalisiye, ling'ambika. Anthuwa analibe simenti. Miyala yopindika pamwamba pa khomo ikugwidwa ndi chiyani zaka zonsezi? Mmisiri wa ku Mchinji

Achimwene, funso lanu ndilo mtima wa nyumba yonseyi, ndiye tilitenga pang'onopang'ono.

Mwala ndi wolimba kwambiri ukamapanikizidwa, koma ndi wofooka ukamakokedwa kapena kupindidwa. Lintala yowongoka ikasenza katundu imafuna kupindika pakati, kunsi kwake n'kumakokeka, n'chifukwa chake inu mumaikamo zitsulo. Uta ulibe malo okokeka. Mwala uliwonse amausema ngati mutu wa nkhwangwa, wotakata kumwamba, wowonda kumunsi. Katundu akautsikira, umafuna kulowa pansi koma anzake a m'mbali amaukaniza, ndiye kulemera kumayenda kuchoka pa mwala kupita pa unzake mpaka kukafika pa mizati ya m'mbali. Katundu wa pamwamba ndiye amaulimbitsa.

Kamangidwe kake kanali kotere. Amamanga kaye mbali ziwiri za khomo kufika poyambira kupindika, n'kuonetsetsa kuti zafanana msinkhu. Kalipentala amakhoma chikombole cha matabwa cha theka la bwalo, chojambulidwa ndi chingwe ndi msomali, n'kuchikhazika pa mitengo yochirikiza, pansi pake atakhomerapo timitengo tosongoka toti adzagumule pochitsitsa. Miyala imayalidwa pachikombolepo kuchokera mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Mukakweza mbali imodzi yokha, chikombole chimapendekeka ndipo uta umatuluka wokhota. Mpata uliwonse wa pakati pa miyala uyenera kuloza pakatikati pa bwalo, ndipo amayesa ndi chingwe chomwe chija. Mwala wa pamwamba penipeni ukalowa, uta watsekeka. Chikombole sachichotsa tsiku lomwelo. Amayembekeza matope agwire, amamanga khoma m'mapewa mwa utawo kuti ulemedwe, kenako amamasula timitengo tija pang'onopang'ono kuti miyala ikhazikike popanda kudzidzimutsidwa. Chikombole chimodzi chinkagwira ntchito pa mawindo angapo ofanana.

Vuto la uta ndi limodzi: sutsikira pansi pokha, umakankhiranso kumbali. Mizati ikataya ngakhale pang'ono, pamwamba pamatsika ndipo mng'alu umaoneka kunsi kwa mwala wa pakati. Mankhwala a amisiri a nthawi imeneyo anali makoma onenepa, ambiri oyandikira mita imodzi, ndi mawindo aang'ono kunja koma otambasuka mkati kuti kuwala kumwazike. Utali wa uta wozungulira ndi theka la mulifupi mwake nthawi zonse: khomo la mamita awiri limakwera mita imodzi, simungasinthe. Uta wosongoka umene unabwera pambuyo pake unachotsa chopinga chimenechi ndiponso sukankhira kumbali kwambiri, ndiye makoma anayamba kuwonda, mawindo n'kukula. Denga la apse ku Kilpeck ndi la miyala, lokhala ndi nthiti zosemedwa mano a sowo zimene zimakumana pa mwala umodzi wokhala ndi mitu inayi ya zilombo. Nthitizo ndi mauta omwewa, ongokumanizidwa pamodzi.

Khoma lenilenilo ndi zikopa ziwiri za miyala, mkati mwake atathiramo zibenthu za miyala ndi matope. Mwala wa ku Kilpeck ndi wamchenga wofiira wa m'dera lomwelo. Mwala wotere uli ndi mizere ngati masamba a buku, ndipo uyenera kugonekedwa mmene unagonera m'phiri. Mukauimika, nkhope yake imasendeka ngati khungwa pakapita zaka.

Matope anali a laimu. Miyala ya laimu ankaiwotcha mu uvuni pa moto wofika madigiri pafupifupi 900. Yotuluka mmenemo ikathiridwa madzi imatentha mpaka kuwira, ndipo imawotcha khungu ndi maso. Kenako ankasakaniza ndi mchenga wokhakhala, muyezo wofala ndi gawo limodzi la laimu ku magawo atatu a mchenga. Laimu sauma ngati simenti. Amalimba pokoka mpweya wa carbon dioxide pang'onopang'ono, kuyambira kunja kulowa mkati, ndipo pakati pa khoma lonenepa pamatenga zaka. Ndiye sankathamanga. Ankakweza khoma pang'ono, kulisiya likhazikike, ndipo nyengo yachisanu ikafika ankaimitsa ntchito n'kufunditsa makoma ndi udzu, chifukwa madzi akaundana m'matope aawisi amawasandutsa fumbi. Nsanja zoimapo amisiri zinali za mitengo yolowetsedwa m'mabowo osiyidwa m'khoma, ndipo m'matchalitchi ambiri akale mabowo otsekedwawo amaonekabe m'mizere.

Ubwino wa laimu ndi kufewa kwakeko. Maziko akasuntha pang'ono, khoma limatsatira m'malo mothyoka, ndipo chinyontho chimatulukira m'mipata ya pakati pa miyala, osati m'miyalamo.

Ndine mkulu wa mpingo ndipo chithunzi chija chinandivutitsa. Njoka, zinjoka zamapiko ndi nkhope zolavula masamba zikufuna chiyani pa nyumba ya Mulungu? Mwana wanga akuti pali ngakhale mkazi wamaliseche. Kodi anthuwa anali akhristu enieni? Bambo wa ku Nkhotakota

Bambo, kudabwa kwanu n'komveka, ndipo si inu oyamba. Cha m'ma 1125, tchalitchichi chisanamangidwe kapena chili pafupi kumangidwa, Bernard wa ku Clairvaux, mmonke wotchuka wa ku France, analemba modandaula kuti zilombo zosemedwa m'nyumba za amonke zikuwachotsa maganizo pa kusinkhasinkha mawu a Mulungu, komanso zikuwononga ndalama. Mkangano umenewu unalipo mumpingo momwemo. Koma amene anasema ku Kilpeck anali akhristu, olembedwa ntchito ndi mkhristu, pa tchalitchi cha amonke.

Taonani mmene anaziyalira. Pamwamba penipeni pa chitseko, pamalo aulemu, pali mtengo wobala mphesa, umene amautcha Mtengo wa Moyo. Pakati pa uta pali mngelo. Njoka zili m'mizati ya m'mbali, zikulumana michira, ndipo kumanzere kuli ankhondo awiri ovala zisoti zosongoka, atakodwa m'ziyangoyango za zomera. Wolowa ankadutsa pakati pa zoopsa ndi zokola munthu, n'kulowa pansi pa mtengo wa moyo. Anthu ambiri sankadziwa kuwerenga, koma zimenezi ankaziona Lamlungu lililonse. Munthawi imeneyo kunalinso mabuku ofotokoza nyama, iliyonse ndi phunziro lake lachikhristu, monga mmene nthano za kalulu ndi fisi zimanyamulira mwambo.

Kunja, m'munsi mwa denga kuzungulira nyumba yonse, muli timiyala totulukira kunja tochirikiza mzere wa pamwamba pa khoma. Amatitcha corbel. Tinalipo 89, tatsala 85, ndipo kalikonse kali ndi chosema chakechake. Pali Mwanawankhosa wa Mulungu wonyamula mtanda, kawiri konse, pamwamba pa khomo ndi kum'mawa kumbuyo kwa guwa. Pali galu ndi kalulu atakhala phewa ndi phewa, nkhosa yamphongo, chimbalangondo chomangidwa kukamwa, woimba zeze wa nthawiyo, ndi anthu awiri atagwirana. Mkazi amene mwana wanu akunenayo alipodi, akuonetsa ziwalo zake zobisika. Zosema za mtundu umenewo amazitcha sheela na gig, ndipo zimapezekanso ku Ireland ndi m'matchalitchi a nthawi yomweyo a ku France ndi Spain. Akatswiri ambiri amati linali chenjezo pa chiwerewere, ena amati ankaziika kuti zithamangitse zoipa. Ife tikuona kuti tanthauzo loyambalo likugwirizana ndi malo ake: zili kunja, pamwamba, pakati pa zithunzi za moyo wa pa dziko lapansi ndi mayesero ake, osati paguwa. Tisaiwalenso kuti mmisiri waluso amakondwera ndi ntchito ya manja ake. Galu ndi kalulu aja anasemedwa ndi munthu wokonda nyama, ndipo ana amene amafika pamenepo lero amawakonda nthawi yomweyo.

Amisiriwa ndi gulu limene lero amalitcha Herefordshire School. Dzanja lawo limaonekanso pa mabeseni a ubatizo a ku Eardisley ndi Castle Frome, ndi pa chosema cha Samisoni ndi mkango ku Stretton Sugwas. Anatola maluso kutali. Oliver de Merlimond, amene anamangitsa tchalitchi cha ku Shobdon m'dera lomwelo, anapita ulendo wachipembedzo ku Santiago de Compostela ku Spain, ndipo zosema za gululi zimafanana ndi za kumadzulo kwa France, kumene apaulendo otere ankadutsa. Mitu itatu ya zilombo zoyasamula, malilime atapiringizika, yotulukira pakhoma la kumadzulo ku Kilpeck, imakumbutsa zosema za pa nyumba zamatabwa za ku Scandinavia.

Matchalitchi ambiri a zaka zimenezo anagwetsedwa kapena kusinthidwa. Ichi chinapulumuka bwanji? Wophunzira wa ku Zomba

Chinapulumuka makamaka chifukwa mudzi unachepa. M'ma 1200 Kilpeck anali malo odziwika, moti Mfumu John inafikako kangapo. Kenako kunabwera njala za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300, ndi mliri waukulu wa mu 1348 ndi 1349 umene unapha anthu osachepera mmodzi mwa atatu alionse ku England. Eni linga anasiya kukhalamo, linga linagumuka, ndipo kanyumba ka amonke kanatsekedwa m'ma 1420. Kumene kunali mudzi wakale, kum'mawa kwa tchalitchi, lero ndi munda wokhala ndi timizere ta dothi. M'midzi yolemera ndi malonda a ubweya wa nkhosa anthu ankagumula makoma kuti awonjezere zigawo za m'mbali, kukuza mawindo ndi kumanga nsanja za mabelu. Ku Kilpeck kunalibe khamu lofuna malo kapena wolemera wofuna dzina. Zowonjezedwa ndi zochepa: khonde lamatabwa la m'mwamba kumbuyo kwa nave, ndi kanyumba ka mabelu pa denga ka m'ma 1800.

Musaganize komabe kuti chikuoneka ndendende mmene chinalili. Mfumu Henry VIII itachotsa mpingo wa ku England m'manja mwa Papa mu 1534, ndipo makamaka mu ulamuliro wa Mfumu Edward VI kuyambira 1547, mafano anachotsedwa m'matchalitchi, ndipo zojambula za pamakoma zinapakidwa njereza. Matchalitchi a m'ma 1100 anali opakidwa pulasitala ndi utoto mkati. Kuti muone zimenezo pitani ku St Mary's ku Kempley, m'chigawo choyandikana cha Gloucestershire. Kumeneko zojambula za cha m'ma 1130 zinapezeka pansi pa njereza mu 1872. Njerezayo inazisunga. Chimene chinaziwononga ndi vanishi amene anapaka ozipezawo pofuna kuziteteza, chifukwa anada n'kuzibisa, mpaka anachotsedwa m'ma 1950.

Khomo la Kilpeck nalo linathandizidwa ndi khonde limene linaliphimba kwa nthawi yaitali lisanachotsedwe m'ma 1800. Ku Shobdon zinayenda mosiyana. Tchalitchi chinagwetsedwa m'ma 1750, mauta ake osemedwa n'kukaimikidwa paphiri ngati chokongoletsa malo, popanda denga. Amisiri amodzi, zaka zofanana, koma mvula yafufuta zosema za ku Shobdon moti zambiri sizizindikirikanso.

Tchalitchi chathu ndi cha njerwa, chomangidwa ndi amishoni kale kwambiri. Kunsi kwa makoma kukufumbutuka. Komiti yagwirizana kuti tipake pulasitala wa simenti wolimba kuzungulira konse. Anzathu osamalira matchalitchi ngati cha Kilpeck amatani? Mlembi wa komiti ya zomangamanga, Chiradzulu

Alembi, chonde imitsani kaye simentiyo. Ku England analakwitsa momwemo m'zaka za m'ma 1900, ndipo lero akulipira amisiri kuti aichotse.

Khoma lakale la laimu kapena la dothi limamwa chinyontho n'kuchitulutsanso. Simenti ndi yolimba kuposa njerwa zakale ndipo salola madzi kutuluka msanga. Imang'aluka timing'alu tosaoneka, mvula imalowa, n'kutsekeredwa mkati. Chinyontho cha pansi chimakwera kupitirira pamene pulasitala wathera, chitanyamula mchere wa m'dothi, ndipo mcherewo ukamauma mkati mwa njerwa umaiphwanya. Ku Kilpeck madzi otsekeredwa amaundana ndi chisanu n'kuswa mwala. Kwathu chisanu chotero kulibe, koma mchere ndi mvula ya mu Januwale zimagwira ntchito yomweyo, ndipo khoma lonyowa limaitana chiswe ku mitengo ya denga. Pakapita zaka zingapo mudzagogoda pulasitalayo n'kumva kulira ngati ng'oma, kumbuyo kwake njerwa zitasanduka ufa.

Yambani ndi kufunafuna kumene madzi akuchokera. Tulukani mvula ikugwa, muzungulire nyumba yonse. Onani pamene denga likudontha, pamene madzi a padenga akugwera n'kuthovukira kukhoma, ndi pamene akudikha. Yerekezani msinkhu wa dothi la kunja ndi pansi pa mkati. M'matchalitchi a ku England dothi la kumanda linakwera ndi maliro a zaka mazana mpaka kukwirira kunsi kwa makoma, ndipo kwathu zomwezo zimachitika ndi mabedi a maluwa ndi dothi lokokoloka. Dothi la kunja likhale lotsika ndi masentimita osachepera 15 kuposa pansi pa mkati, lotsetsereka kuchoka kukhoma, koma musakumbe mpaka kuvundukula maziko. Ngalande ikatayire madzi kutali. Mukatero lisiyeni khoma liume chilimwe chonse.

Kenako konzani mipata ya pakati pa njerwa. Kokotani matope ofumbutuka okha ndi chitsulo chamanja, osati makina odulira, kulowa mkati kawiri kukula kwa mpatawo: mpata wa sentimita imodzi, kokotani masentimita awiri. Sesani fumbi, nyowetsani. Gulani laimu womangira, osati wothira m'munda, chifukwa wa m'munda ndi mwala wongopera ndipo sagwira. Wa m'thumba muviikeni mu mgolo wa madzi tsiku lathunthu kapena kupitirira kuti akhale phala lolimba, mutavala magolovesi ndi zoteteza maso. Sakanizani gawo limodzi ndi magawo atatu a mchenga wokhakhala wotsukidwa, madzi ochepa, matope ake ogwira pachipande osayenderera. Kanikizani mwamphamvu mpaka mkati. Akayamba kulimba, mwina mawa lake, amenyeni ndi burashi yolimba kuti atseke timing'alu. Phimbani ndi ziguduli zonyowa kwa sabata kapena kupitirira, chifukwa dzuwa la mu Okutobala likawaumitsa msanga amangosanduka fumbi. Njerwa zimene zatheratu zichotseni imodziimodzi, mulowetse zina zofanana kukula ndi kufewa. Mukafuna kupaka, pakani njereza yopyapyala kangapo, osati penti ya mafuta. Musakwirire chitsulo wamba m'khoma lonyowa, chifukwa chikachita dzimbiri chimafufuma n'kung'amba khomalo.

Mpingo wa Anglican ku England uli ndi lamulo, kuyambira 1955, lakuti tchalitchi chilichonse chiyenderedwe ndi katswiri wa zomanga kamodzi pa zaka zisanu, alembe zofunika kukonza motsatira changu chake, ndipo kusintha kulikonse kwakukulu kumafuna chilolezo cha dayosizi. Bungwe la Society for the Protection of Ancient Buildings, limene William Morris anayambitsa mu 1877, limaphunzitsa kukonza pang'onopang'ono kawirikawiri m'malo mogwetsa ndi kumanganso. Komiti yanu itha kutengerapo: buku limodzi lolembamo zimene mwaona chaka ndi chaka, zithunzi za ming'alu zokhala ndi tsiku, ndi kuyendera denga mvula isanayambe. Mng'alu umene ukukula pakati pa zithunzi ziwiri ukufuna injiniya, osati chipande. Ndipo ngati tchalitchi chanu chili m'kaundula wa nyumba zakale zotetezedwa ndi boma, lemberani kaye nthambi yoona za zinthu zakale musanakhudze khoma.